ZOMBA WINA ALI KUMWAMBA

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu ku Senga Bay, m'boma la Salima



Ndikuthokoza komiti pondipatsa mpata woyankhula madzulo ano. Ine ntchito yanga ndi ya m'boma, ya mafayilo ndi misonkhano, ndipo za nyenyezi ndimangozikonda ndi kuziwerenga ndikaweruka. A komiti atandifunsa mutu wa nkhani yanga ndinawauza kuti ndidzakamba za mwala. Iwo anaseka, poganiza kuti ndikunena mwala wa maziko a laibulale imene takhala tikuikambirana. Koma mwala umene ndabwera nawo uli kutali, ukuzungulira dzuwa, ndipo dzina lake ndi Zomba. Pomaliza ndidzapempha kanthu kwa bungwe lathu, choncho a Msungichuma musachoke msanga.

Tiyambe ndi malo amene mwalawu umakhala. Dziko lathuli lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni kuchokera ku dzuwa. Nambala yotere ndi yovuta kuiganizira, tsono tiyeni tiichepetse. Tiyerekeze kuti tazika nkhafi mumchenga uwu, ndipo nkhafiyo ndiye dzuwa. Mukayenda mapazi 10 mwafika pa dziko lathu. Mukafika pa mapazi 15 mwapeza pulaneti yofiira ija yotchedwa Mars. Kuti mupeze Jupiter, pulaneti yaikulu kuposa zonse, muyenera kuyenda mpaka mapazi 52. Pakati pa Mars ndi Jupiter pali mpata waukulu, ndipo mumpata umenewu, makamaka kuyambira pa mapazi 21 kufika pa 33, muli miyala yochuluka zedi imene ikuzungulira dzuwa. Akatswiri amaitcha miyalayi ma asteroidi, ndipo dera lonselo amalitcha lamba, chifukwa lazinga dzuwa monga lamba amazingira chiuno.

Miyalayi ndi zotsala za nthawi imene mapulaneti ankapangika, zaka pafupifupi 4,600 miliyoni zapitazo. Imayenera kuunjikana n'kukhala pulaneti monga zinachitikira kwina, koma mphamvu yokoka ya Jupiter inaisokoneza, moti m'malo mophatikizana inkaombana ndi kuswekasweka. Ngakhale ndi yambiri chotero, mutaisonkhanitsa yonse pamodzi siingafike ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwa mwezi. Ndiponso ili motalikirana kwambiri, kotero kuti zombo za m'mlengalenga zimadutsa m'lambamo popanda kugunda kanthu.

Woyamba kuona umodzi mwa miyalayi anali wansembe wa ku Italy, Giuseppe Piazzi, amene ankayang'ana nyenyezi mumzinda wa Palermo. Usiku wa pa 1 Januwale 1801 iye anaona kanyenyezi kamene sikanali pa mapu ake, ndipo m'masiku otsatira anapeza kuti kakusuntha. Anakatsatira kwa milungu ingapo, kenaka kanalowa m'kuwala kwa dzuwa n'kusowa. Apa ndi pamene masamu anaonetsa ntchito yake. Mnyamata wa ku Germany wa zaka 24, Carl Friedrich Gauss, anatenga manambala ochepa amene Piazzi analemba, nawerengera njira yonse ya chinthucho, n'kuwauza akatswiri pamene ayenera kulozetsa makina awo. Pakutha pa chaka chomwecho anachipezadi pafupi ndi pamene iye ananena. Chinthucho ndi Ceres, chachikulu kuposa zonse m'lambamo, chotalika makilomita pafupifupi 940 kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Pambuyo pake anapeza Pallas mu 1802, Juno mu 1804 ndi Vesta mu 1807.

Kwa zaka 90 ntchitoyi inkachitika ndi diso, ndipo inali yapang'onopang'ono. Zinthu zinasintha mu 1891 pamene Max Wolf wa ku Heidelberg anayamba kusaka miyalayi pojambula zithunzi. Nzeru yake inali yosavuta kumva. Makina ojambulira amawayendetsa pang'onopang'ono kuti azitsatira nyenyezi pamene thambo likutembenuka, ndipo galasi lojambulirapo amalisiya lotsekula kwa ola limodzi kapena kupitirira. Akalitsuka, nyenyezi zonse zimaoneka ngati timadontho, koma chinthu chimene chinkayenda pachokha chimasiya kamzere. Kamzere kameneko ndiye phazi la nyama, ndipo mlenje amayamba kulondola.

Tsopano tibwere kufupi ndi kwathu. Mumzinda wa Johannesburg munali malo oonera zakumwamba otchedwa Union Observatory. Malowa anatchuka mu 1915 pamene Robert Innes anatulukira Proxima Centauri, nyenyezi imene ili pafupi ndi dzuwa lathu kuposa ina iliyonse. Mu 1928 panayamba ntchito mnyamata wina dzina lake Cyril Jackson, wobadwira ku England mu 1903 koma wokulira ku South Africa. Iyeyu anali ndi diso ndiponso kudekha, ndipo pa moyo wake anatulukira ma asteroidi 72. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yake inali yoteroyo: usiku kujambula m'chisanu cha ku Joni, masana kuwerama pa galasi n'kumafufuza kamzere kamodzi pakati pa timadontho zikwizikwi.

Pa 23 Julayi 1938 Jackson anajambula chithunzi chimene chinali ndi kamzere ka mwala umene palibe anali atauonapo. M'masiku oyambirira a Ogasiti katswiri wina wa Chifalansa, Louis Boyer, anauonanso payekha ali ku Algiers, kumpoto kwa Africa. Mwalawo unapatsidwa dzina loyembekezera lakuti 1938 PA. M'kalembedwe ka akatswiriwa chaka amachigawa m'zigawo za theka la mwezi, chigawo chilichonse ndi chilembo chake, ndipo P amaimira theka loyamba la Ogasiti, pamene A akutanthauza kuti ndi woyamba kulembedwa m'masiku amenewo. Koma ulemu wotulukira unapita kwa Jackson, popeza chithunzi chake ndiye chinali choyamba. Njira yake itadziwika bwino, mwalawo unalandira nambala 1468, ndipo unatchedwa Zomba, potengera tauni imene inali likulu la Nyasaland nthawi imeneyo, ndipo inakhalabe likulu mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Ife amene tinaphunzira ku Chancellor College tinakhala zaka zinayi m'munsi mwa phiri la Zomba, ndipo dzina lomwelo linali likuyenda pamwamba pathu.

Zomba sanali yekha. Jackson ankakonda kutcha miyala yake mayina a malo a mu Africa. Mwala nambala 1193 ndi Africa, 1242 ndi Zambesia, 1278 ndi Kenya, 1279 ndi Uganda, 1427 ndi Ruvuma, 1428 ndi Mombasa, 1474 ndi Beira, 1634 ndi Ndola, ndipo 1676 ndi Kariba. Palinso nambala 1326, umene anautulukira mu 1934, wolembedwa kuti Losaka, kutanthauza Lusaka wa anansi athu a ku Zambia. Mapu a dera lathu lino analembedwanso kumwamba. Ndipo taganizani, m'zaka zomwezo agogo athu ambiri a ku Nyasaland anali mu Joni momwemo, pansi pa nthaka, akukumba golide m'migodi. Mumzinda umodzi, wina ankayang'ana kumwamba n'kumapereka mayina a kwathu, pamene eni ake mayinawo anali kumdima wa pansi. Sindikunena izi pofuna kunyoza Jackson, amene anagwira ntchito yake mokhulupirika. Ndikungofuna kuti tione kuti mwayi wa maphunziro ndi zipangizo ndiwo unasiyanitsa anthuwa, osati nzeru zobadwa nazo.

Nanga mwala wa Zomba ndi wotani? Ndi thanthwe lotalika makilomita pafupifupi 7, ndiye kuti ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a msewu wochokera pano pa Senga Bay kukafika pa boma la Salima. Ulibe mpweya, ulibe madzi, ndipo suwala pawokha, umangobweza kuwala kwa dzuwa monga umachitira mwezi. Umatembenuka mofulumira, moti tsiku lake lonse, usana ndi usiku, silikwana maola atatu. Mwina mukufunsa kuti akatswiri anadziwa bwanji zimenezi pa chinthu chimene chimangooneka ngati kadontho. Yankho ndi lakuti mwala wotere si wobulungira bwino. Ukamatembenuka, nthawi ina umationetsa mbali yotakata, nthawi ina yopapatiza, choncho kuwala kwake kumakwera ndi kutsika. Munthu akayeza kuwalako usiku wonse n'kulemba pa girafu, amaona kuti kukubwerezabwereza, ndipo apo wapeza utali wa tsiku la mwalawo.

Njira yake yozungulira dzuwa si yozungulira ngati mkombero wa lichero, koma ndi yotambasuka ngati dzira. Tibwerere ku nkhafi yathu ija. Zomba akayandikira kwambiri dzuwa amafika pa mapazi 16, ndiye kuti makilomita pafupifupi 240 miliyoni. Akatalikira kwambiri amafika pa mapazi 28, makilomita pafupifupi 420 miliyoni. Mukuona tsono kuti mbali yaikulu ya ulendo wake amakhala m'lamba muja, koma mbali ina amatuluka n'kulowa m'dera limene Mars amafikamo, pakuti Mars akatalikira dzuwa amapitirira pang'ono mapazi 16. Ndi chifukwa chake akatswiri amamuika m'gulu la miyala yodutsa njira ya Mars, yokhala m'mphepete mwa lamba chakumkati. Losaka uja ndiye amakhala m'lamba mwenimweni. Njira ya Zomba ndi yopendekekanso madigiri pafupifupi 10 poyerekeza ndi njira ya dziko lathu, choncho nthawi zina amakhala pamwamba pa bwalo limene mapulaneti amayendamo, nthawi zina pansi pake.

Ulendo umodzi wozungulira dzuwa umamutengera zaka zitatu ndi miyezi itatu. Nambala imeneyi mwana wa Fomu 3 angathe kuipeza yekha. Johannes Kepler anafalitsa lamulo mu 1619 lakuti utali wa chaka cha chinthu chozungulira dzuwa umadalira mtunda wake basi. Tengani pakati pa 16 ndi 28, mupeza 22, ndiye kuti mtunda wa Zomba ndi 2.2 poyerekeza ndi wa dziko lathu. Chulukitsani 2.2 ndi 2.2 ndi 2.2, mupeza pafupifupi 10.6. Funani nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yokha ikupatsani 10.6, mupeza kuti ili pafupi ndi 3.25. Zaka zitatu ndi kota. Aphunzitsi athu a masamu amene muli pano, masikweya ruti amene munkatikakamiza aja ntchito yake ndi imeneyi. Chiyambire 1938 Zomba wazungulira dzuwa maulendo oposa 26, ndipo ulendo uliwonse wabwera pamene masamu ananena.

Liwiro lake nalonso n'lodabwitsa. Mwapakatikati amayenda makilomita 20 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti kuchokera pano kufika pa boma la Salima ndi sekondi imodzi, ndipo kufika ku Lilongwe ndi masekondi asanu. Akayandikira dzuwa amathamanga kwambiri, makilomita oposa 26 pa sekondi, ndipo akatalikira amachepetsa mpaka 15, monga momwe mwana wa pa katungwe amathamangira akafika pansi n'kuzengereza akafika pamwamba.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana kudenga. Musaope, Zomba sangatigwere. Ngakhale atayandikira chotani, pakati pa iye ndi ife pamatsala makilomita oposa 80 miliyoni. Komabe si miyala yonse imene imakhala m'malo mwake. Mu 1866 Daniel Kirkwood wa ku America anazindikira kuti m'lamba muja muli mipata ina yopanda miyala. Chifukwa chake n'chakuti mwala umene uli pa mtunda woti uzizungulira dzuwa katatu pamene Jupiter wazungulira kamodzi, umakokedwa ndi Jupiter pamalo amodzimodzi nthawi ndi nthawi. Zili ngati kukankha katungwe pa nthawi yake: pang'onopang'ono amakwera mpaka wokwerapo agwe. Miyala yotere imachotsedwa m'njira yake, ndipo zidutswa zina zimafika mpaka kuno.

Dziko lathu la Malawi linalandirapo alendo oterewa. Pa 25 Januwale 1899 miyala inagwa kuchokera kumwamba m'dera la Zomba, ndipo m'mabuku a akatswiri imadziwika ndi dzina lomwelo. Pa 22 Januwale 1981 mwala wolemera makilogalamu 93 unagwa m'boma la Machinga. Yonseyi ndi ya mtundu umene akatswiri amati unachokera ku ma asteroidi. Ku Botswana, pa 2 Juni 2018, kamwala kena kanaonedwa ndi makina a ku Arizona kakadali m'mlengalenga, ndipo patangopita maola ochepa kanaphulika pamwamba pa chipululu cha Kalahari. Ofufuza anakatola zidutswa zake, ndipo atazipima anapeza kuti zikufanana ndi miyala ya ku Vesta. Nthawi zina zimakhala zoopsa. Pa 15 Febuluwale 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri ndi magalasi a mawindo. Ndi chifukwa chake maiko amawononga ndalama kuwerenga miyalayi ndi kudziwa njira zake. Pa 26 Sepitembala 2022 bungwe la NASA linagundanitsa dala chombo chotchedwa DART ndi kamwala kotchedwa Dimorphos, ndipo njira ya kamwalako inasinthadi. Kunali kuyesa ngati tingathe kupatutsa mwala umene ukubwera kudzatigunda, koma kuti mupatutse chinthu muyenera kuyamba mwachiona ndi kuwerengera njira yake.

Lero miyala yodziwika yaposa miliyoni imodzi. Kaundula wake amasungidwa ku Minor Planet Center, mumzinda wa Cambridge m'chigawo cha Massachusetts ku America. Mwala watsopano ukaoneka umalandira dzina loyembekezera monga linalili 1938 PA. Ukaonedwa mobwerezabwereza kwa zaka zingapo, mpaka njira yake itatsimikizika, umalandira nambala. Apo wotulukira amakhala ndi zaka 10 zoti apereke dzina, ndipo komiti ya bungwe la International Astronomical Union ndiyo imavomereza. Dzinalo lisapitirire zilembo 16, likhale lotchulika, lisakhale lotukwana, ndipo andale ndi akuluakulu a nkhondo saloledwa kufikira patapita zaka 100 atamwalira. Choncho amene mumaganiza zoima pa chisankho, njira imeneyi yatsekeka.

Tsopano ndafika pa pempho langa. Masiku a Jackson munthu ankafunika nyumba ya makina ndi magalasi ojambulira. Lero makina akuluakulu, monga a Pan-STARRS ku Hawaii, amajambula thambo usiku uliwonse. Kuyambira mu 2006 pali ndondomeko yotchedwa International Astronomical Search Collaboration, imene inayambira pa yunivesite ya Hardin-Simmons ku Texas. Iwo amatumiza zithunzi zatsopano kwaulere ku magulu a ana asukulu m'maiko ambiri, kuphatikizapo a mu Africa muno. Anawo amaika zithunzizo pa kompyuta, pulogalamu yotchedwa Astrometrica imazionetsa motsatizana mofulumira, ndipo iwo amafufuza kadontho kamene kakusuntha. Akakapeza amayeza malo ake n'kutumiza lipoti. Ndi ntchito yomwe ija ya Jackson, koma yochitikira m'kalasi. Sindikulonjeza kuti mwana wathu adzatcha mwala dzina chaka chamawa. Zambiri zimene ana amapeza sizitsimikizika, ndipo chimene chatsimikizika chimadikira zaka kuti chilandire nambala. Ndiponso makina akunkera patsogolo: mu Juni 2025 a Vera C. Rubin Observatory ku Chile analengeza kuti anapeza miyala yatsopano yoposa 2,000 m'maola pafupifupi 10 okha. Koma phindu lenileni si dzina. Phindu ndi mwana amene wagwira manambala enieni, wayeza, walakwitsa, wakonza, ndipo waona kuti fizikisi si nthano yoloweza pofuna kukhoza mayeso a MSCE.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, bungwe lathu ligulire sukulu mabainokyula awiri ndi telesikopu yaing'ono imodzi. Zomba mwiniyo ndi wozilala kwambiri moti zipangizo zoterezi sizingamuonetse, koma Vesta amaoneka bwino ndi mabainokyula, ndipo mwana akamujambula papepala usiku uno ndi mkuja adzaona yekha kuti wasuntha pakati pa nyenyezi, monga anaonera Piazzi. Adzaonanso miyezi inayi ya Jupiter imene Galileo anaiona mu 1610, ndi mapiri a pamwezi. Chachiwiri, tipeze kompyuta imodzi yabwino ndi ndalama ya intaneti ya chaka chonse, kuti kalabu ya sayansi ilembetse m'ndondomeko ndatchula ija. Chachitatu, pakati pathu pali mainjiniya, aphunzitsi, ndi odziwa makompyuta. Tipeze anthu anayi odzipereka kuti teremu iliyonse azikacheza ndi kalabuyo Loweruka limodzi, kuti katunduyo asakafere m'kabati ya muofesi. Ine ndikulembetsa dzina langa poyamba, ndipo chopereka changa ndipereka kwa a Msungichuma tisanabalalike.

Pali chuma chimodzi chimene tili nacho kale, ndicho mdima. Ana a m'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya amakula osauona Mlalang'amba chifukwa cha magetsi. Kuno kunyanja, mwezi ukakhala kumdima, thambo limadzaza mpaka kutsikira m'madzi, pamene nyali za asodzi a usipa zandandalika. Makolo athu ankalidziwa thambo limeneli. Anatcha mayina Nthanda, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, ndipo asodzi ndi alimi ankawerengera nthawi poyang'ana kumwamba. Kutcha mayina zakumwamba si mwambo wachilendo kwa ife. Chimene chinatisowa m'zaka za Jackson ndi sukulu ndi zipangizo. Sukulu tinaipeza, ndipo ndi imene yatisonkhanitsa pano. Zipangizo zili m'manja mwathu kuti tigulire amene akutitsatira. M'mera mpoyamba, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Tikamaliza chakudya, amene mukufuna titsikire limodzi kumchenga, tikazike nkhafi ija, tikayende mapazi 16 ndi 28, kuti mukaone ndi miyendo yanu pamene Zomba amayenda.